Filimu ya Lachinayi ku Longacres

Ndinalowa pothawa mvula, osati kufuna filimu.
Thumba la zida ndinalikankhira pansi pa mpando,
simenti ikadali m'zikhadabo.

Pakhoma, Lisbon: matailosi abuluu
onga mbale zosungira alendo.
Kenako zombo. Wofotokoza anatchula Zambezi mothamanga
ngati wangongole podutsa pakhomo pa mwini ndalama.

Ndiyeno Brasília,
konkire yopindika ngati nthiti za ng'ombe.
Ndayala njerwa ku Kalingalinga zaka khumi ndi zinayi,
sindinaonepo mzati ukuvina chotero.
Wojambula pulani anamutchula kasanu.

Koma kumbuyo kwake, pamakwerero,
mnyamata wopanda nsapato, ndowa paphewa,
anayang'ana kamera kamodzi kokha,
chala chomangidwa ndi kansanza ngati changachi.
Dzina lake sanalinene.

Magetsi anazima pomwepo.
Anthu anang'ung'udza, ena nkuyatsa mafoni.
Gelesomu wa pachipata anati tidzabwerenso sabata yamawa.

M'minibasi ya ku Mtendere
ndinajambula mzati uja kuseri kwa lisiti ya misomali.
Wapindika moipa, mabampu achuluka.
Mawa ndikafunsa kalipentala
ngati matabwa angalole.