Otola Miyala

Tambala wa ku Kalingalinga akamalira kachitatu
ine ndimakhala nditafika kale pa geti,
pomwe msilikali amatembenuza chitupa changa
ngati akuchiona koyamba,
chonsecho chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi.

Bwalo ndi limodzi, mabwana ndi awiri.
Tsidya lino la mzere wachikasu ndi kwathu:
mabenchi asanu, ketulo, sikelo,
ndi Mayi Lungowe oyeza zikwama
za alendo okaona njovu ku Luangwa.
Tsidya linalo ndi kwa eni mfuti.
Mzerewo ndi penti chabe,
koma taudumpha uone.

Komabe m'mamawa, mame asanakamuke,
timandanda tonse phewa ndi phewa,
iwo jombo zonyezimira, ife nsapato zoseka,
n'kuyenda msewu wonse wa ndege
mitu ili zyoli ngati nkhanga m'munda wa mapira.
Kamwala kamodzi, amatero Sajeni Simwinga,
kakhoza kupha injini,
ndipo injini sifunsa amene yanyamula.

Sindinakwerepo ndege.
Ndimaidziwa ndi zomwe imagwetsa.
M'kachitini ka mkaka ndasunga bawuti,
batani la yunifolomu, ndolo yopanda inzake,
ndi kiyi wa chikwama chomwe mwina
mpaka lero sichinatsegulidwe.

Lachiwiri lija la mu Okutobala,
phula likuwira ngati phala,
mahelikopita ankayeserera perete.
Pamwamba pawo kandege koyera
kochokera ku Lundazi ndi mwana wodwala
kankazungulira, kudikira chilolezo.
Ndinawerenga: kamodzi, kawiri.
Dalaivala wa ambulansi anazimitsa injini,
n'kuilizanso.
Kachinayi.
Simwinga sankayang'ananso kumwamba,
ankangoluma chingwe cha wezulo wake.

Katatera, amene anayamba kudumpha mzere
sindife ayi.
Jombo zija zinauponda osauona,
chipewa chinatsala pa udzu,
ndipo machira tinagwira anthu anayi,
iye kumutu, ine kumiyendo.
Anali opepuka.
Kupepuka kumeneko n'komwe
kunandilanda tulo usiku uja.

Kutacha tinandandanso.
Pafupi ndi pomwe matayala amasiya mwaye
ndinatola patapata wa mwana,
wa phazi lamanzere, wobiriwira,
lamba wake womangidwa ndi waya.
Lamulo likuti chotola chilichonse
chilembedwe m'buku.
Sajeni anayang'ana patapatayo, anayang'ana ine,
n'kutseka bukulo.

M'kachitini sakwana, ndiye amakhala pambali.
Kuchipatala sitikudziwa dzina loti tifunse.

Pa geti akutembenuzabe chitupa changa.
Mzere aupakanso penti yatsopano sabata yatha.
Koma tikamayenda, mitu pansi,
Simwinga amasendeza phewa pang'ono
n'kufunsa osatembenuka:
Wamvapo kanthu?
Ndimati ayi, bwana.
Timapitiriza kutola miyala.