Lamba wa Chigayo

Kuseri kwa msika wa ng'ombe pa Ngabu
ndili ndi chisakasa cha mabango,
kanema mmodzi, jenereta ya chifuwa chosatha,
ndi chitini cha mkaka chosungira za pakhomo.
Loweruka ndi tsiku la resilini.

Dzina lake lenileni limatipinda lilime,
ndiye tinangomutcha Chigayo.
Thupi ngati belo la thonje lopondedwa bwino,
khosi palibe, mutu unangokhazikidwa pamapewa.
Miyezi isanu tsopano
eni masewero akumuika pa ndewu yotsekera,
pamene nyali zonse zimathima
n'kuyakira iye yekha.
Lamba anamumanga kale m'chiuno.
Mkangano ndi umene sunamangidwe.

Alufazema wa kabaza salola kukhala pabenchi.
"Wafika ameneyu! Tamverani chikhamucho,
denga likuchita kunjenjemera!"

Zuze, manja okakala ndi nzimbe za ku Nchalo,
amayankha osatembenuka:
"Mvuu ikalowa m'dimba timakuwanso, shamwali.
Unamva kuti timaikonda?
Munthu wako ndi lole yofera pachitunda cha Thabwa,
amuna khumi kumbuyo, thukuta kamukamu,
injini zii.
Tsiku lodzachotsa manja
idzabwerera chambuyo mpaka mu Shire."

Aphunzitsi a Nsangalambe amapukuta magalasi.
"Ana inu, zonsezi n'zolembalemba.
Wogwayo amachoka kwawo akudziwa kuti akagwa."

"Ukwatinso amaulemba, aphunzitsi,"
akutero Nyathando wogulitsa masau pakhomo,
"koma tsiku lake anthu amalira zenizeni.
Ine changa n'chimodzi:
akamenyedwa ameneyu, mtima wanga suphonya.
Uja wakale, wa bondo lomanga nsalu,
akagwa ndinkaiwala kubweza tchenji."

Kutentha kwa Okutobala sikutuluka panja usiku,
kumakhala nafe, osalipira.
Udzudzu nawo uli m'gulu.
Pakanema Chigayo wanyamula mnzake m'mwamba,
wamufwantha pansi, thi!
Woimbira wagwada, wamenya kamodzi,
wamenya kawiri,
dzanja lakwera kachitatu,

jenereta yatsokomola.
Mdima.

Palibe wofunsa ndalama yake.
Mu mdimamo Alufazema akulumbira kuti wapambana,
Zuze akuti mnzakeyo anatukula phewa, anaona ndi maso ake,
aphunzitsi akufunafuna nsapato.
Akutuluka akukanganabe,
mawu awo akutsata msewu wa ku Bangula
mpaka agalu kuwalandira.

Ine ndatsala ndi tochi ya foni ndi chitini.
Ndikuwerenga.
Chiyambire chisakasachi sichinalemerepo chonchi.
Ndalama ya Zuze ndi ya Alufazema ndaziika pamodzi,
ndayesa kuzisiyanitsa, ndalephera.
Womuda walipira zana, womukonda zana,
ndipo womudayo ndiye amafika msanga
kudzalanda benchi yakutsogolo.

Ndikanati nkhani yathera pomwepa.
Koma mmawa ndikukagula petulo
ndadutsa pamchenga wa Nyakamba, mtsinje wopanda dontho.
Ana alemba bwalo ndi chidendene,
lamba wa katoni, zitsekerero za botolo m'malo mwa golide.
Akhala pansi. Masewero sakuyamba.
Aliyense akufuna kukhala womugwetsa,
wofuna kukhala Chigayo palibe.

Ndaima ndi chigubu m'manja, dzuwa likuwotcha kale pakhosi.

Kenako Joaki wanga, wamng'ono mwa onse,
nthiti zowerengeka,
wadzuka, wasasa mchenga pakabudula,
wamanga katoniyo m'chiuno kawiri kuti ikwane.
Watukumula masaya.
Anzake ayamba kumukuwiza, uuu! uuu!
Iye wakweza manja onse awiri
ngati akulandira mvula.

Zuze ndakumana naye pamphambano,
chikwanje paphewa, akudikira thalakitala.
"Loweruka muonetsanso pomwe inathimira paja?"
Ndati ndionetsa.
"Musungire malo. Ndikufuna ndidzamuone akugwa."
Wandipatsiratu zana.