Kalembera wa Makina Okalamba

Kalata yafika Lolemba kuchokera ku Town House,
masamba atatu, chidindo chofiirira pansi:
kuyambira mwezi wamawa
maofesi onse a khonsolo azigula pamodzi,
kampani imodzi, mtundu umodzi wa makina,
inki imodzi yolowa paliponse.
Ine, Zakeyu Chimtengo, wokonza makina wa giredi yapansi,
andipatsa cholembera ndi mpukutu wa timapepala tomata
kuti ndizungulire mzinda kuwerenga okalambawo.

Sindikutsutsa. Ndingatsutse bwanji
ine wosunga kiyi wa kachipinda kaja
momwe makatoni a inki afika kudenga,
mitundu khumi ndi inayi,
ina ya makina amene anafa kalekale,
ina ya makina amene sanabwere n'komwe?
Ofesi iliyonse inali ndi mlamu wake wogulitsa.
Ndalama za madzi zinkagona m'katoni.

Komabe miyendo ikulemera.

A ku Mufakose safuna mapepala a m'mawa,
amadikira dzuwa lichotse kaye chinyezi.
A ku Highfield amafuna bondo:
uwakankhe kumanzere, pansi pa thireyi yachiwiri,
ndiye ayamba kung'ung'udza ngati wawadzutsa pakati pa loto.
A ku Dzivarasekwa amalemba mzere wakuda pankhope iliyonse,
Mai Marufu amati ndiyo siginecha yawo.
Zimenezi sizili m'buku.
Zili m'zala zangazi, zakuda mpaka m'zikhadabo,
pomwe fomu yandipatsa timabokosi tiwiri tokha:
akugwira, sakugwira.

Lachinayi ndatsika kombi ku Mabvuku.
Magetsi kulibe. Mzere wa anthu wafika kumpanda,
aliyense envulopu ya khaki pachifuwa.
Pakona, atafunda nsalu ya patebulo, makina aja.
Nambala 31.

Apa ndi pamene bambo anaima chaka chija
atavala jekete la ukwati wawo,
atasesa misewu ya mzinda uno zaka makumi atatu ndi zinayi,
akufuna makope asanu a chitupa kuti penshoni ituluke,
chitupa cha chilembo chija
chonena kuti ndi mlendo.
Tinadikira anthu aweruke. Ndinatseka chitseko.
Kuwala kobiriwira kunayenda pansi pa galasi kasanu
ndipo bambo anatuluka asanu, ofunda,
aliyense wakuda kuposa mnzake.
Ananyamula pepala limodzi, naseka:
Iwe, a ku Ntcheu akandiona chonchi
adzati Halale yandiwotcha.

Palibe anandifunsa za mapepala asanuwo.

Atsopanowa, akuti, amadziwa dzina lako.
Ugunda khadi, iwo alemba: uje, tsamba limodzi, 10:42.
Inki ikatsala pang'ono amaitana okha kampani,
mnyamata wa yunifomu atulukira pa galimoto yoyera.
Ndi bwino ndithu. Mzinda wotaya madzi m'mapaipi obooka
uyambire penapake kuwerenga zake.
Ndikungofunsa za mayi wamasiye wofika pawindo
ndi kalata ya nyumba, kope lofunika lero lomwe,
m'mpango mwatsala ya kombi yokha:
lidzagunda khadi la ndani?

Ndamata kapepala pambali pa chivindikiro.
Ndatsegula kumbuyo, chizolowezi basi,
ndapeza kawaya kamene ndinamanga mu 2009,
chaka chopanda sipeyala, chopanda chilichonse,
kakugwirabe.
Ndakapukuta fumbi ndi chala.
Mlonda akundiyang'ana, akudabwa kuti ndikuchedweranji
pa makina ozima.

Pa fomu ndachonga: akugwira.

Lole ibwera Lachisanu sabata yamawa, m'mawa,
ndipo andiuza kuti ndidzakhalepo,
ndine ndikudziwa pogwira
kuti asaphwanye galasi ponyamula.