Madzi a Mumsana mwa Gunvor

Ku Umeå dzuwa linazengereza tsiku limenelo,
linasuzumira cha m'ma naini, lofiira ngati diso losagona.
Gunvor anagona cham'mbali pa bedi la chipatala,
mawondo atawakokera kuchibwano.
Namwino anati: pindani msana ngati mphaka wokwiya.
Anaseka. Zaka makumi anayi ndi zinayi ndili naye
ndipo kaseko kake nkomweko.

Singano inalowa pakati pa mafupa awiri.
Ine maso kuzenera,
chipale chikukwirira njinga zoimikidwa panja.
Pocheuka, madzi anali kudontha m'kabotolo,
dontho, kudikira, dontho lina,
oyera kuposa a pampopi.
Ndinkayembekezera magazi, kapena kanthu kakuda
koti ndikaloze ndi chala, ndinene kuti ndi aka
kanaba dzina la mdzukulu wathu pa Khirisimasi,
ndi aka kanaika makiyi a galimoto m'firiji
pambali pa batala.
Koma ayi, madzi basi.

Patapita masabata atatu
Dokotala Sandlund anatembenuza kompyuta kuti tione.
Mapuloteni awiri, anatero.
Amiloyidi watsika m'madzimu
chifukwa akukanirira muubongo m'malo motuluka,
tau wakwera.
Gunvor anaphunzitsa masamu moyo wake wonse,
manambalawo anawamva ine ndisanavale magalasi.
Anafunsa: zatsala zilimwe zingati
zoti ndidzadziwe kuti ndi chilimwe?
Dokotala sanayankhe ndi nambala.
Anati tachiona chikadali patali,
nthawi yokonza zinthu ilipo.

Pobwerera tinaima pamlatho.
Mtsinje unali utauma gwa,
koma pansi pa ayeziyo madzi ankayendabe.
Anavula golovesi n'kugwira khutu langa lozizira.
Torvald, anatero. Torvald,
ngati munthu woyesa kiyi pachitseko
asananyamuke ulendo wautali.

Usiku umenewo anakhala patebulo ndi timapepala tachikasu.
Shuga. Mankhwala. Zimitsa chitofu.
Elvira, mwana wa Joar, amakonda akavalo.
Anatimata paliponse, pakabati, pagalasi, pachitseko,
nyumba yonse inayamba kulankhula ndi dzanja lake.
Kotsiriza anakamata pachifuwa panga, pajuzi,
osalembapo kanthu.
Ndinamupatsa cholembera. Anakana.
Lako ndilisunga m'kamwa, anatero,
mpaka tsiku limene lidzagwe.
Likadzagwa udzalitole wekha,
udzandipatse ngati kuti ndi koyamba.