Asilikali Osowa Nkhondo

Lachiwiri ku Hull, kamvula kaja
kosadziwika ngati kakuyamba kapena kakutha.
Namwino Brenda wandimanga lamba pamkono,
akusaka mtsempha ndi chala chozizira.
Kabotolo kamodzi basi, akutero,
ndipo magazi anga akukwera mwaulesi
ngati nawonso achokera ntchito ya usiku.

Ndinali nditamuuza kale kuti ndili bwino.
Ndimatero ine. Ndinatero kwa Tiferanji pafoni Lamulungu,
ndikuba mpweya pakati pa mawu
kuti asamve kamluzu kamene kachita lendi m'chifuwamu
chiyambire Novembala.
Ndinatero kwa bwana wa kunyumba ya okalamba
nditatsamira khoma pakati pa masitepe,
mapilo a Mayi Hebblewhite ali m'manja.
Pakamwa pamaphunzira msanga bodza kuno,
poti tsiku lodwala silibereka ndalama.

Koma magazi sanapite kusukulu imeneyo.

Patatha sabata Dokotala Sethi anatembenuza kompyuta
kuti ndidzionere ndekha:
timadontho tofiirira ngati m'kati mwa gwafa,
kalikonse ndi maso awiri olumikizana
ngati kavala magalasi a mphunzitsi.
Maiyosinofilo, anatero.
M'kadontho konga mutu wa phini
mwa ena mumakhala zana, mwina mazana awiri.
Mwa ine, mazana asanu ndi anayi.
Ndipo sikuti angokhala phee, akulavula ululu,
malovuwo nawonso ayezedwa, ali ndi nambala yawoyawo,
ndipo nambala ziwirizo zagwirizana chimodzi:
mayiyu akunama, mphumu yake yakula.

Kodi munadwalapo njoka zam'mimba?
Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira pakhosi.
Ine, wokulira m'madzi a mpunga ku Domasi,
amene ndili Sitandade 5 ndinakodza magazi
n'kuthamangira kwa azakhali kuti ndakula!
Ntchito yawo yakale ndi imeneyo, anatero,
kuthira nkhondo likodzo ndi nyongolotsi.
Tafufuza, adaniwo kulibenso.

Ndiye asilikali anga anakwera nane ndege,
anagona nane pabenchi ku Addis Ababa,
analowa Mangalande popanda wowapempha chiphaso,
mikondo ili chinolere,
n'kupeza kuti kuno nkhondo yawo siidziwika.
Pano akubaya zilizonse:
nkhungu yakuda kuseri kwa wodilopu,
fumbi la kapeti ya mwininyumba,
ubweya wa mphaka wa pa nambala 12,
ndipo mikondo yophonya imatera m'mapapo mwanga.

Ndinafuna kuwakwiyira.
Koma setifiketi yanga yophunzitsa masamu
ili musutikesi pansi pa bedi, chaka chachinayi chino,
ndipo nanenso usiku wina ndimabaya osalakwa,
Tiferanji makamaka, akangofunsa za fizi.

Tsopano m'firiji, pambali pa mkaka ndi tomato,
mumakhala jakisoni wa pamwezi.
Ndimatsina mnofu wa pantchafu, ndikuwerenga mpaka khumi ndi zisanu,
kuwauza anyamatawo: tulani zida, kapumeni.
Mwezi wachitatu Brenda anandiimbira,
akuti atsala makumi asanu ndi limodzi.
Ndinathokoza. Kenako ndinakhala pabedi kanthawi,
ngati munthu wochotsa ntchito mlonda
amene anamulondera ali mwana.

Nkhungu ija ikadalipo.
Mwininyumba akuti nditsegule mawindo,
mu Febuluwale, mphepo ya ku Humber ikuluma ngati linthumbu.
Kapampu ka buluu sindikasiya, kamagona m'thumba la yunifolomu.

M'mawa uno ndauzira m'kachubu koyezera mpweya,
kamuvi kadumpha kupitirira pomwe kamaima.
Ndalemba nambalayo pakalendala ya kutchalitchi,
ndakwera masitepe onse a Mayi Hebblewhite
ndikuwayankha nkhani za mwamuna wawo wa pasitima ya nsomba,
osaduladula mawu.
Madzulo Tiferanji wafunsa, amayi muli bwanji,
ndipo ndayamba ndapuma kaye, mpweya wonse, mpaka pansi,
ndisanamuyankhe.