Zitsulo za Kumphuno

Kuno kumapiri a Tregaron mvula siodira,
imangolowa m'khosi mwa jekete n'kukhala.
M'bandakucha wa Januwale ndili m'shedi, tochi kukamwa,
nkhosa zikulira kumtunda,
thirakitala ya bambo, yondiposa zaka khumi ndi ziwiri,
yangoti duu ngati siikumbuka za dzana.

Dzana inadzuka.
Mtolo wa udzu unali kumbuyo, wonyowa, wolemera ngati ng'ombe,
ndipo pachitunda cha kuseri kwa khola
matayala akutsogolo anasiyana ndi nthaka.
Ndinapotoza chiwongolero, chinangozungulira mumphepo.
Pomwe panayenera kukhala chipata ndinaonapo mitambo.
Phazi linapeza kilatchi lokha, mphuno n'kugwa pansi, phii!
Ndinaluma lilime.

Bambo, a Idwal, sanakalipe.
Anangoloza ndi ndodo pakona ya matumba akale,
pomwe zitsulo zisanu ndi ziwiri zinagona m'dzimbiri,
chilichonse ndi chogwirira chake
ngati sutikesi ya munthu yemwe analephera kusamuka.

Lero akhala pandowa yovundikira.
Msana wawo unathera pa zitsulo zomwezi.
"Gwenno, yambira pakati.
Pinda mawondo, msana usiye.
Kolowetsa mlomo wake pamtanda,
kenako chitaye chitsike chokha. Chotsa zala!"
Choyamba, khwa!
Chachiwiri kumanja, chachitatu kumanzere,
kuti mphuno isapendame ngati ya woledzera.
Makilo makumi awiri ndi asanu amamveka ochepa pakamwa.

Chachinayi sichathu.
Zinzake n'zofiira, icho n'chobiriwira,
m'mbali mwake zilembo ziwiri zokanda ndi msomali.
"Cha Tegid Pugh," atero bambo, maso ali kwina.
"Ndinabwereka chaka chomwe chipale chinatseka msewu.
Ndinkati ndibweza tikameta nkhosa."
A Tegid tinawaika m'manda ine ndili kusukulu.
Mlomo wa chitsulo chawo ukukana mtanda wathu;
ndaupala ndi tupa mpaka dzanja latentha,
kenako chakhala pakati pa zinzake osadandaula.

Chachisanu chandiphwanya chikhadabo.
Chachisanu ndi chimodzi ndachikweza ndi bondo, ndikutukwana chamumtima.
Tsopano ndodo yachitsulo idutse m'mabowo onse,
koma mabowo aphonyana, lina kumwamba lina pansi.
Ndagwedeza, ndapaka girisi, ndamenya ndi nyundo katatu,
yatulukira mbali inayo.
Nati ndamanga mpaka sipanala yaterera.

Ndawerama kuti nditenge chotsalacho.
"Chisiye."
"Bambo, chitunda chija..."
"Ukachulutsa, chiwongolero chidzakuthyola mapewa,
ekiselo idzalira pabampu iliyonse.
Thirakitala iyi ilibe mphamvu zothandiza manja.
Ikufunika kugwira pansi, osati kumira."
Ndafuna kuwatsutsa. Chala chikuwawa, ndangokhala chete.

Injini yatsokomola kawiri, yavomera.
Mtolo kumbuyo, giya yoyamba, matope mpaka m'mabawuti.
Pamalo padzana paja ndagwira mpweya.
Mphuno yapepuka pang'ono, yaganiza,
n'kukhalabe pansi.
Ndapotoza kumanzere, nayo yapita kumanzere.
Nkhosa zatsika mothamanga, zikuzula udzu ndisanadule chingwe.

Ndacheuka kumunsi.
Mphepo ikulimbana ndi chitseko cha shedi,
ndipo bambo, pang'onopang'ono, ndi phazi,
akukankhira chitsulo chotsala chija pachitseko
kuti chisamenyenso khoma.