Wochedwa Kapena Wakufa

Ku Tartu chipale chamata zenera.
Triinu akadali mu labu, tiyi wazizira.
Makina asanu ndi atatu, polembapo pamodzi:
aliyense alembe dzina lake, adikire kamphindi,
abwerenso kudzasuzumira.
Dzina likadalipo? Lowa, khomo ndi lako.

Kamphindiko anakayeza yekha Lolemba.
Anati palibe angachedwe kuposa apa,
ntchito n'kuyenda liwiro la mtondo wadooka.

Usiku uno wachisanu ndi chimodzi wawodzera
cholembera chili m'malere.
Podzidzimuka walemba pamwamba pa mnzake,
awiri alowa khomo limodzi,
mayuro makumi anayi asowa m'kaundula.

Kaarel akuti, chotsa wotchiyo,
aliyense adikire mnzake mpaka ayankhe.
Wachotsa. Tsopano palibe cholakwika,
koma onse angoti ndwii,
kudikira mmodzi amene sakumudziwa
ngati wangochedwa kapena wafa.

Triinu wabwezera wotchi,
watalikitsa kamphindi pang'ono,
pang'ononso.
Foni yake yagona chafufumimba pathebulo.
Mlongo wake ku Narva sanayankhe chiyambire Lachiwiri,
ndipo iye sanasankhebe
tsiku loyambira kuda nkhawa.